Thumba la Mkamwini

Bembeke, chaka chimene makuponi anafika kwathu

Za ubwana wanga sindilembapo, ana anga, mukafunse azakhali anu amene amadziwa kuzikometsera. Chokwanira kudziwa n'chakuti sukulu ndinalekezera Fomu 1, nditamenyana ndi mnyamata wina amene anandinena kuti ndimanunkha utsi wa nkhuni. Aphunzitsi atati ndikaitane makolo, ine ndinapita ulendo wosabwerera. Dzina loti Tsabola ndinalitenga kumeneko, ndipo silinandichokenso.

Ntchito ndinaipeza pa depoti ya feteleza ku Bembeke, osati chifukwa cha mutu koma msana. Lole inali itaima, onyamula anali ochepa, ine ndili chiimire pambali manja m'matumba. A Mwale, amene anali mkulu wa depotiyo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Iwe, mapewa amenewo ukusungira ndani?" Tsiku limenelo ndinanyamula mpaka khosi linauma gwa. Msana womwewo ndi umene wandikhazika pansi imvi zisanamere, ndiye musadabwe kuti bambo anu akulemba mbiri ngati nkhalamba pamene anzawo akuthamangitsabe mpira.

Kuti mumvetse zimene ndikufuna kunena, dziwani mmene zinkayendera. Boma linkapereka makuponi kwa alimi ovutika kuti agule feteleza motsika mtengo, matumba awiri pakhomo. Loyamba linali la wokulitsa, wothira chimanga chikangomera. Lachiwiri linali la wobereketsa, woyera ngati matalala, wothira chimanga chikafika m'mawondo. Ukachedwa nalo lachiwirili, chimanga chimachita chikasu, chimamasula ngaiyaye chili chachifupi, ndipo ukathira pambuyo pake umangodyetsa udzu. Choncho ntchito yathu inali yothamangitsana ndi mbewu imene siyembekeza lole.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri ku Bembeke si matumba ayi, koma m'mawa. Chifunga chinkatsika kuphiri n'kuphimba msewu, tchalitchi, mitengo ya paini, zonse, mpaka belu la kumishoni linkamveka ngati likulirira pansi pa madzi. Ndikafika pa depoti sindinkapeza anthu. Ndinkapeza mzere wa zinthu: mwala, chidina cha njerwa, nsapato yakutha, chitsononkho, mbale yobooka, kuyambira pakhomo mpaka kukazimiririka m'chifungamo. Chilichonse chinkaimira munthu amene wapita kukaotha moto kuseri kwa sitolo. Dzuwa likayamba kuboola, eni ake ankatulukira mmodzimmodzi atafunda mabulangete, aliyense n'kuima pa kanthu kake, ngati miyala ija yasanduka anthu. Tsiku lina ndinapunthwa pa umodzi nditasenza thumba, ndipo mwaukali ndinaumenya theche mpaka unakagwera mu ngalande. A Mwale anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono. "Tsabola, kawatole. Amenewo ndi amayi ake a munthu, achokera kutali." Ndinakautola, ndikunyinyirika, n'kuubwezera pamalo pake.

A Mwale sankakalipa. Lole ikabwera ndi wobereketsa nthawi imene anthu akufuna wokulitsa, zimene zinkachitika kawirikawiri, ine ndinkafuna kumukoka dalaivala pawindo. Iwo ankangotuluka panja, n'kuima pamaso pa gulu lonse manja kumbuyo, n'kulola anthu kuwatukwana mpaka atatopa. Ndinawafunsa kuti amapirira bwanji. Anati, "Sakutukwana ine, akutukwana lole. Koma lole ilibe makutu, ndiye ndabwereketsa anga."

Chongoni, zaka zotsatira

Atandisamutsira ku depoti ya kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, ndinapeza bwana wamkazi, mayi Gondwe, ochokera kumpoto. Ankavala juzi ziwiri ndi chipewa chaubweya, ndipo ankati Dedza ndi firiji imene Mulungu anaiwala kutseka. Iwowa ndi amene anandichotsa pa lole n'kundiika patebulo. Anaona kuti ndimawerenga msanga, ndiye anandiphunzitsa kuyang'ana kuponi padzuwa kuti ndione ngati ndi yeniyeni, kufananiza dzina ndi chiphaso, ndi kumenya chidindo. Chidindocho ndinkachimenya mwamphamvu mpaka inki inkadontha kuseri. "Pepala silinakulakwire, mwana wanga," ankatero.

Kumeneko zinthu zinkasowa kuposa ku Bembeke, chifukwa mvula ikagwa msewu unkasanduka phala, malole n'kumathera m'njira. Panali masabata amene depoti inkakhala yopanda kanthu, ine ndi mayi Gondwe titangokhala pakhomo, tikuonera amayi akutsika m'nkhalango ndi mitolo ya nkhuni, mitambo ikukwawa pamatanthwe ngati nkhosa. M'masiku otere ndi mmene ndinaonera mavenda bwinobwino. Ankaima patali ndi pikapu zawo, osalankhula zambiri, akudikira mlimi amene watopa ndi kudikira kuti amugule kuponi. Mmodzi ndinamuthyolera galasi lapambali ndi chigongono, ndipo mayi Gondwe anandiikira kumbuyo ku ofesi ya ku boma ponena kuti ndinaterereka.

Tsiku lina akuyang'ana mayina anandifunsa, "Bwanji amene amabwera kudzalira pano ndi akazi, koma mayina ndi a amuna okhaokha?" Ndinawafotokozera kuti kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini. Munda ndi wa mkazi ndi abale ake, ana ndi a mbumba ya mkazi, mwamuna amabwera ndi khasu ndi mphamvu zake basi. Koma olemba mayina akafika pakhomo amafunsa kuti mutu wa banja ndani, ndipo mkazi mwaulemu amaloza mwamuna wake. Mayi Gondwe anavula magalasi. "Ndiye ukwati ukatha?" Ndinati mwamuna amanyamula bulangete n'kubwerera kwawo. "Nanga kuponi?" Ndinati imapita m'thumba la malaya ake. Kenako anati, "Tsiku lina zimenezi zidzakugwera iwe patebulo, ine ndili kwathu ku Rumphi ndikuotha dzuwa." Sanapite ku Rumphi msanga, anakwezedwa kukhala woyang'anira madepoti onse a dera lathu, koma zinazo ananena zoona.

Mphunzi, chaka chimene wobereketsa anachedwa

Ku Mphunzi ananditumiza ndekha, ndi mlonda mmodzi, kukayendetsa kadepoti kakang'ono m'nyumba imene kale inali chigayo. Kumeneko ndinakumana ndi amayi anu, ndipo ndinamanga nyumba padothi la kwawo. Ndiye kuti Tsabola uja, womenya chidindo, madzulo ankasanduka mkamwini wopatuka m'njira akaona apongozi.

Kumtunda kwa mudzi kunkakhala a Nambewe, mwana wa amayi aakulu a amayi anu, ndi amuna awo a Damiano, ochokera cha ku Linthipe. A Damiano anali munthu woonda, wosalankhulalankhula, wa mizere yowongoka ngati yoyezera chingwe. Vuto lawo linali apongozi awo, a Nasoko, amene pakamwa pawo panali posapuma. Chaka chimenecho, chimanga chitangomera, a Nasoko ananena pagulu kuti mkamwini wawo amadya kuposa mmene amalimira. A Damiano, amene anakhala chete zaka zonsezo, anawayankha pamaso, ndipo mawu ake sindiwalemba muno. Ankhoswe anakhala pansi koma zinakanika. Mlongo wa a Nambewe, a Chimpeni, ndi amene anatulutsa katundu wawo panja. Anapita ndi bulangete, wailesi, njinga, ndi kuponi ya wobereketsa, chifukwa wokulitsa anali atatenga kale n'kuthira. Anasiya ana atatu ndi munda wa patsinde pa phiri, umene ndi wokhawo unkadyetsa nyumba ija.

Wobereketsa anachedwa. Chimanga chinafika m'mawondo, chinapitirira, masamba apansi anayamba kufiira m'mphepete. M'mawa uliwonse popita ku depoti ndinkadutsa m'munsi mwa munda wa a Nambewe, ndipo ndinkauona ukuyezuka ngati nsalu yochapidwachapidwa. Lole itabwera, inabwera ndi matumba ochepa, ndipo tinauzidwa kuti ina sibweranso. Ndinagulitsa tsiku lonse. Dzuwa litapendeka munatsala thumba limodzi pakona, ndipo amene anaima patebulo anali a Damiano, atavala jekete lothina, kuponi ndi chiphaso m'manja. Kumbuyo kwawo, kunja kwa mzere, kunali a Chimpeni, ndi a Nambewe atabereka mwana wotsiriza. Patsidya pa msewu panaima pikapu ya venda, injini ikulira chapansipansi.

"Alamu," anatero a Chimpeni kwa ine, "thumba limenelo ndi la munda wa mlongo wanga. Munthu uyu tinamusudzula, alibe ngakhale phesi kwathu."

Ndinati kuponi ili m'manja mwa mwini dzina.

"Pepala limalima? Mizere ili ku Linthipe kapena ili apa?"

Anthu amene anali atasowa feteleza sanachoke, anayandikira kuti aonereko. Ndinatuluka n'kukwera pachulu pamene foni inkagwira, ndinawaimbira mayi Gondwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Lamulo ukulidziwa. Dzina ndi chiphaso zikagwirizana, umapereka. Ukapatsa wina, mwini dzina akadandaula, ine sindidzanenanso kuti unaterereka." Kenako anawonjezera, mawu atatsika, "Koma ndiwe uli pamenepo."

Nditabwerera, a Chimpeni anali atalowa mkati, dzanja lili pakhutu la thumba. "Inunso, a Tsabola, musaiwale kuti nyumba mukugonamo ili padothi la ndani. Njira ya ku Bembeke sinamere udzu."

Ana anga, ndinamva makutu akutentha. Pakhomo panali chitsulo chimene tinkatsekera chitseko, ndipo maso anga anapita pamenepo okha. Chimene ndinachita n'chakuti ndinakhala pathumba paja, manja ndinawapanikiza pansi pa ntchafu kuti asapite kwina. Anthu anaseka. A Chimpeni anachotsa dzanja. A Nambewe sanaseke, anangoti chapansipansi, osandiyang'ana, "Chimanga chachita chikasu, alamu."

Ndinauza mlonda kuti akhale pathumbapo m'malo mwanga, ndipo a Damiano ndinawakokera kuseri kwa nyumba, kumene kunali injini yakufa ya chigayo chakale.

"Mukufuna kukagulitsa kwa uyo wa pikapu?"

"Wakhala akunditsata kuyambira tsiku lija anandisudzula."

"Ndiye?"

"Ndiye ndabwera kuno."

"Bwanji osangowapatsa amayi a ana anu, nkhani ithe?"

Anaseka pang'ono ndi mphuno. "Mukawapatsa, likagona m'nyumba mwa ndani? Alamu anga ali ndi kachewere kudambo, wayamba maluwa. Mukuganiza akulimbikira chifukwa cha chimanga?"

Zimenezo ndinali ndisanaziganize. Mbatata ya kachewere ya a Chimpeni ndinkaidziwa, ndipo ndinkadziwanso kuti a Nambewe sakanatha kukaniza mlongo wawo chilichonse, makamaka tsopano alibe mwamuna pakhomo. Koma ndinkadziwanso kuti munthu wosudzulidwa saponda m'munda wa kuchikamwini, akamupeza amamuyesa wodzaika mankhwala.

"Kwanu muli ndi munda?"

"Ayi."

"Nanga thumbali mulitani?"

Anayang'ana kuphiri, kumene mitambo inali itayamba kutsika pamatanthwe amene anthu akale anajambulapo zithunzi. Ndinadikira kuti alonjeze kanthu, alumbire, atchule ana ake. Anangoti, "Kuponi ndi yanga, a Tsabola."

Ndinabwerera patebulo ndisakudziwa chimene ndichite. Ndikapereka kwa a Chimpeni, mudzi undikonda, ntchito mwina itha, ndipo feteleza mwina akathera kudambo. Ndikapereka kwa a Damiano, ndatsata lamulo, koma pikapu ili apo, ndipo munthu wochititsidwa manyazi pagulu sungamudziwe. Panalibe njira imene inkandionetsa chimanga chobiriwira kumapeto kwake. Ndinayang'ana manja a anthu awiriwo. A Chimpeni anali atagwira foni. A Damiano anali ndi zikhatho zong'aluka ndi mpini, ngakhale panali patapita masabata asakulima. Sindinganene kuti chimenecho ndi chifukwa chokwanira, koma ndi chimene ndinali nacho. Ndinamenya chidindo, mofatsa kwa nthawi yoyamba, ndipo thumbalo ndinawanyamulira ndekha mpaka pakaliyala pa njinga yawo.

Palibe amene anakuwa. A Chimpeni analavula pansi. A Nambewe anakweza mwana kumsana n'kutembenuka. A Damiano anakankha njinga kulowera njira ya ku Linthipe, ndipo patapita kanthawi pikapu ija inanyamuka pang'onopang'ono kulowera komweko.

Kunyumba amayi anu anandiikira chakudya osakhala pansi. Anati, "Bambo a Tiyamike, ana a Nambewe akadzasowa chakudya adzadya muno. Mudziwiretu." Agogo anu anatumiza mawu kudzera mwa iwo oti akamwini a masiku ano amagwirizana ngati akhwangwala. Pachitsime, pachigayo, kumaliro, moni wanga ankayankhidwa ndi mphuno. Masiku anadutsa, ndipo munda uja unali chimodzimodzi. Ndinayamba kudutsa pamenepo nditaweramitsa mutu.

M'mawa wina, mvula itagwa dzulo lake, chifunga chinali chochindikala moti gudumu lakutsogolo la njinga yanga ndinkaliona mwa apo ndi apo. Ndinatsika kuti ndizikankha. Nditafika m'munsi mwa munda wa a Nambewe ndinamva kaphokoso, kofewa, kobwerezabwereza, ngati mbalame ikujompha dothi lonyowa. Ndinaima. Chifunga chinang'ambika pang'ono, ndipo ndinaona munthu pakati pa chimanga, miyendo yosaoneka, ngati akuyandama. Ankabaya pansi ndi kamtengo pambali pa phando, n'kutapa m'kathumba ka m'chiuno ndi chitsekerero cha botolo, n'kuthira, n'kusuntha. Kubaya, kutapa, kuthira, kusuntha. Jekete lothina lija ndinalizindikira. Chifunga chinatsekanso, ndipo ndinaganiza kuti mwina ndaona zimene mtima wanga unkafuna kuona.

Chitatsegukanso, ndinaona kuti sanali yekha. Mizere ingapo kumbuyo kwake kunali a Nambewe, mwana kumsana, manja atapinda pachifuwa chifukwa cha kuzizira. Ankatsata mayenje aja n'kumawakwirira ndi chidendene, limodzi ndi limodzi. Sanayandikirane. Sindinamve mawu ngakhale amodzi. Mwamuna akafika kumapeto kwa mzere ankatembenuka osakweza maso, ndipo ankadutsana chapatali, wina kukwera wina kutsika, chimanga chikuwanyowetsa zovala. Ndinaima pamenepo mpaka zala zanga zinachita dzanzi pahandulo. Sindinawaitane, ndipo sindinauze munthu, ngakhale amayi anu. Depoti ndinatsegula mochedwa, koma munalibe choti n'kugulitsa.

Ukwati sunabwerere, musaganize choncho. A Damiano anamaliza ntchito ija m'mamawa angapo, mudzi usanadzuke, ndipo kenako tinamva kuti apita kukagwira ntchito kutsidya kwa malire. A Chimpeni sanandilankhule mpaka chaka chinatha. Koma ana atatu aja sanabwere kudzadya kwathu chifukwa cha njala, ankabwera kudzaba mapichesi basi.

Patapita masabata, dzuwa litawala bwino, phiri lonse linkaoneka kuchokera pa depoti. Munda wa a Nambewe unali utabiriwira mpaka kuda, ngaiyaye zikugwedezeka pamwamba. Koma pakati peni peni, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, panadutsa kachigawo kachikasu kowongoka ngati lamba. Anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumaloza. Kameneko kanali kachigawo kamene a Nasoko anadzisungira m'munda wa mwana wawo, mizere yawoyawo imene mkamwini ankayenera kuipalira poyamba chaka chilichonse.

Ndinakumana ndi a Nambewe panjira akuchokera kuchigayo. Anatula ufa pansi, tinapatsana moni, ndipo tonse awiri maso anathawira kuphiri.

"Amayi akuti nthaka ya pakati inaguga," anatero, akukonza mpango.

Ndinati nthaka imatero nthawi zina. Kenako ndinafunsa ngati thumba lija linakwanira munda wonse.

"Linakwanira. Feteleza anatsalako pang'ono, bambo a ana anasiya pamalire atamanga kukamwa kwa thumba."

"Ndiye wotsalayo simunathire mizere ya amayi?"

Ndinawathandiza kusenza ufa uja, n'kuukhazika bwino pankhata, ndipo anayamba kuyenda. Atapita mapazi angapo anayankha osatembenuka.

"Ndinathira maungu anga kuseri kwa nyumba, alamu. Mudzatume mwana, abereka kwambiri."